Dimba la pa Winchester City Mill: kachilumba kakang'ono, ntchito yake yosati masewera

Ngati mukufuna dimba la maluwa ambirimbiri loti muzungulire tsiku lonse mukujambula zithunzi, Winchester City Mill si malo ake. Dimba la kuseri kwa chigayochi ndi kachilumba kowonda, madzi uku madzi uku, ndipo munthu wachangu atha kufika kumapeto n'kubwerera mphindi zisanu zisanathe. Ife tikuliyamikira pa chifukwa china. Malo ngati amenewa ndi ovuta zedi kulimapo, ndipo amene amawasamalira ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, obwera pa nthawi yomwe apeza mpata. Kuti muone ubwino wa ntchito yawo muyenera kudziwa kaye zomwe nthaka ya pamenepa imakana, komanso zomwe malamulo a ku England amaletsa munthu kuchita m'mbali mwa mtsinje ngati umenewu.

Chigayochi chili mumzinda wa Winchester, kum'mwera kwa England, pa mtsinje wa Itchen. Mukatsika ndi High Street n'kudutsa chiboliboli cha Mfumu Alfred, muchiona kumanzere pafupi ndi mlatho wa City Bridge, chitakhala pamwamba penipeni pa madzi. Pamalopa pakhala chigayo kwa zaka pafupifupi 1,000. Chinalembedwa m'kaundula wa Domesday wa 1086, chili m'manja mwa masisitere a ku Wherwell. Mfumu Henry VIII italanda katundu wa nyumba za amonke ndi masisitere chinakhala cha mfumu, ndipo mu 1554 Mfumukazi Mary anachipereka kwa mzindawo, chaka chomwe ukwati wake unachitikira mu Winchester Cathedral. Nyumba yomwe ilipo lero inamangidwa mu 1744, ndipo katswiri wojambula zithunzi J. M. W. Turner anaijambula mu 1795. Itaikidwa pa malonda mu 1928, anthu akufuna kwabwino anaigula n'kuipereka ku National Trust, bungwe losamalira nyumba zakale ndi malo achilengedwe. Kwa zaka zambiri kuyambira 1931 munkagona achinyamata apaulendo, ndipo mu 2004 miyala yake inayambanso kupera tirigu itakhala chete zaka pafupifupi 90.

Pomwe pagona nkhani ndi pomwe dimbalo lakhala. Itchen pamenepa akuyenda kuchokera kumpoto kupita kum'mwera, ndipo kachilumbako kali kumtunda kwa nyumbayo, kumpoto kwake. Madzi amagawikana pa nsonga ya chilumba, n'kudutsa mbali zonse ziwiri, kenako n'kulowa pansi pa nyumba. Gudumu la pano ndi lija lokankhidwa ndi madzi cha kumunsi kwake, osati lothiridwa madzi pamwamba, choncho mphamvu yake imadalira liwiro la madzi. Gudumu limazungulira pang'onopang'ono, magiya n'kuchulukitsa liwirolo mpaka mwala woperera wapamwamba uzizungulira mwachangu, wapansi uli phee. Tsono chilichonse chogwera m'madzi kuchokera m'dimba, kaya tsamba, kaya nthambi yodulidwa, kaya mphika wa pulasitiki wouluzika ndi mphepo, chimalunjika kuchigayo. Zinyalala zikaunjikana pa zitsulo zotchingira, madzi amakwera kumtunda n'kuchepa mphamvu pa gudumu, ndipo wina ayenera kukazichotsa ndi chipangizo chokokera ataima pamalo oterera. N'chifukwa chake pamalo otere sadulira nthambi chisawawa. Amayala lona pansi, amagwira nthambi ndi dzanja limodzi asanadule ndi linalo, zodulidwazo n'kulowa m'thumba nthawi yomweyo. Tsiku la mphepo yamphamvu si tsiku lodulira chilichonse.

Kukhala kumpoto kwa nyumba kumabweretsanso mthunzi. Ku England dzuwa la masana limakhala kum'mwera chaka chonse. Ku Winchester pakati pa Disembala, yomwe ndi nyengo yozizira kumeneko, limangokwera madigiri pafupifupi 15, moti khoma la mamita 10 limaponya mthunzi wa mamita oposa 35. Mu Juni limafika madigiri 62, mthunzi wa khoma lomwelo n'kukhala wa mamita 5 okha. Ndiye kuti kachilumba kamodzi komweka kali ndi madimba awiri: la pafupi ndi nyumba, lomwe miyezi yozizira silionako dzuwa la masana, ndi la kunsonga, komwe kumawala. Wobzala mbewu imodzimodzi kuyambira pakhomo mpaka kumapeto amaona theka lake likutalika monyentchera, likupendekera kofuna kuwala.

Madzi a Itchen nawo ali ndi khalidwe lawo. Mtsinjewu umachokera pafupi ndi mudzi wa Cheriton, n'kuyenda makilomita oposa 40 kukafika ku Southampton, ndipo madzi ake ambiri si a mvula yothamanga pamwamba pa nthaka. Amatumphuka pansi, atasefedwa m'miyala ya choko. Amakhala oyera mbee, otentha madigiri 10 kapena 11 pomwe akutumphuka kaya ndi Januwale kaya ndi Julayi, ndipo ali ndi laimu wambiri. Mitsinje yambiri ya mtundu umenewu padziko lonse ili ku England, n'chifukwa chake Itchen ndi wotetezedwa ndi lamulo ngati Site of Special Scientific Interest komanso Special Area of Conservation. Kwa mlimi tanthauzo lake ndi lakuti pH ya nthaka, muyeso womwe umakwera laimu akachuluka, imakhala pamwamba pa 7, nthawi zambiri cha m'ma 7.5 mpaka 8. Pa mlingo umenewo ayironi amakhalamo m'nthaka koma mizu ya mbewu zina imalephera kumutenga. Rhododendron, azalea ndi camellia zimachita chikasu masamba anthete, mitsempha yokha ili yobiriwira, kenako zimafota pang'onopang'ono. Hydrangea wogulidwa ali wabuluu amasanduka wapinki. Kuthira salufa kuti nthaka isinthe ndi kutaya ndalama, chifukwa madzi a pansi amabweretsanso laimu yemweyo.

Zomwe zimachita bwino ndi zomwe zimamera kale m'madambo a chigwachi. M'mphepete monyowa: yellow flag iris, marsh marigold wa maluwa achikasu a mu Malichi ndi Epulo, ragged robin, meadowsweet wonunkhira wa mu Julayi, purple loosestrife ndi hemp agrimony zomwe njuchi ndi agulugufe amaunjikanapo mpaka Sepitembala. Kumthunzi: hart's tongue fern, yomwe imakonda laimu mpaka kumera m'ming'alu ya khoma, hellebore, pulmonaria, brunnera, snowdrop ndi mitundu ya geranium yopirira chisanu. Mbande za m'miphika yaing'ono zimabzalidwa 5 mpaka 7 pa sikweya mita imodzi, kuti pofika chaka chachiwiri masamba akhale atakumana, nthaka isaonekenso. Kubzala motalikirana pofuna kupulumutsa ndalama kumasiyira udzu malo, ndipo nthaka yapambalambanda ndi yomwe madzi amayamba kukokolola. Zina mwa izi n'zaukali. Iris ndi water mint zikasiyidwa zimadya malo a zinzake, choncho pa zaka 3 kapena 4 zilizonse amazikumba, n'kugawa, n'kubwezeramo zidutswa zakunja zokha zomwe zili ndi mphamvu, chapakati chokalambacho n'kutaya.

Kenako pali kusefukira. Mitsinje ya choko siidzaza mwadzidzidzi. Mvula ya miyezi yozizira imalowa m'miyala, madzi a pansi n'kumakwera mwakachetechete, ndipo mtsinje umafika pachimake cha m'ma Febuluwale kapena Malichi, mwina mvula itasiya kale. Ukakwera sutsika msanga, umatha milungu. Mu Febuluwale 2014 madzi analowa m'misewu ya m'mbali mwa Itchen mu Winchester, chigayochi nachonso chinakhudzidwa. Paja madzi saiwala khwawa, ndiye wolima pachilumba amabzala akudziwa kuti adzabweranso. Chomwe chimapha mbewu si kunyowa kokha ayi, ndi kusowa mpweya ku mizu. Mbewu yomwe yagona nthawi yozizira imapirira masiku angapo m'madzi chifukwa mizu yake sikupuma kwambiri, koma lavender, rosemary ndi anyezi wa tulip zimawola msanga. Zimenezi pamalo otere zimayenera kukhala m'miphika yoti n'kunyamulidwa, kapena pa bedi lokwezedwa masentimita 30 kapena kupitirira, losakanizidwa ndi timiyala.

Madzi akaphwa m'pomwe anthu a mtima wabwino amawononga zambiri, chifukwa aliyense amafuna kuthamangira kukonza. Nthaka yonyowa ikapondedwa imagwirana, timipata ta mpweya n'kutsekeka, ndipo kuibwezera mwakale kumatenga zaka. Choyamba ndi kudikira. Tapani dothi lodzaza dzanja, likanyeni: likamamatira ngati phula, musalowemo. Ngati kulowa kuli kofunika, yalani matabwa mupondepo. Matope osalala omwe madzi asiya amauma n'kupanga chikhakha chomwe mvula siidutsa. Akakhala opyapyala amangowaswa ndi foloko ya m'dimba n'kuwasakaniza ndi nthaka ya pamwamba, koma akaposa masentimita 5 amawapala ndi fosholo, makamaka pamitu ya mbewu, poti mutu wokwiriridwa umawola. Matopewo satayidwa mumtsinje. Mbewu yooneka yakufa imapatsidwa mpata mpaka Meyi isanazulidwe, popeza zambiri zimaphukanso kuchokera pansi. Ndipo chilichonse chodyedwa chosaphika chomwe madzi osefukira anachikhudza chimatayidwa, chifukwa madziwo amakhala atasakanikirana ndi zonyansa za m'mipaipi ya mumzinda.

Nkhani ya chakudya cha mbewu ndi yomwe imasiyanitsa dimba ili ndi la kuseri kwa nyumba wamba. Malamulo a alimi a ku England a 2018 amaletsa kuthira feteleza wa m'fakitale pa mtunda wosakwana mamita 2 kuchokera kumtsinje, ndiponso kuthira kapena kuunjika manyowa pa mtunda wosakwana mamita 10. Malamulowa analembera alimi a minda, koma ndi muyeso wabwino kwa aliyense, ndipo mukauyika pa kachilumba kowonda muona kuti malo otalikira madzi mamita 10 ndi osowa. Mulu wa kompositi pamenepa umadontha madzi akuda olowa mumtsinje, umaitana makoswe, ndipo madzi akakwera umatengedwa wonse. Njira yabwino ndi kutulutsa zinyalala m'matumba n'kubweretsa kompositi wopsa kale, wopanda peat, dothi lakuda lokumbidwa m'madambo lomwe a National Trust anasiya kugwiritsa ntchito m'madimba awo kalekale. Amamuyala wokhuthala masentimita 5 mu Epulo, madzi atatsika, osati mu Okutobala monga amachitira ena kumtunda. Makungwa opepuka ogulidwa m'matumba ndi achabe pano: amayandama.

Wina angafunse kuti feteleza wodzaza dzanja limodzi angauchite chiyani mtsinje wonsewo. Vuto ndi fosifeti. Mwachibadwa m'madzi a choko amakhalamo wochepa kwambiri, ndiye akangowonjezeka ndere zimachuluka, n'kukuta nsangalabwi za pansi ndi water crowfoot, udzu wa m'madzi wa timaluwa toyera womwe umaoneka ukugwedezeka pansi pa madzi. Nsomba za trout ndi salmon zimaikira mazira m'nsangalabwi zimenezo miyezi yozizira, ndipo mazirawo amafuna madzi oyenda pakati pa timiyala kuti apeze mpweya. Dothi lokokoloka m'mabedi limatseka timipatato chimodzimodzi. Dimba limodzi silingaphe mtsinje, koma dimba loyang'aniridwa ndi bungwe loteteza chilengedwe, pamalo pomwe aliyense akuona, silingakhale loyamba kuuipitsa. Kutunga madzi othirira kulibe vuto: ku England munthu safunika laisensi ngati akutunga osaposa malita 20,000 pa tsiku, ndipo kheni ya malita 10 ili kutali ndi pamenepo.

Mankhwala opha udzu nawonso si ongotenga n'kupopera. Pafupi ndi madzi pamafunika chilolezo cha Environment Agency, bungwe la boma loyang'anira mitsinje ndi zachilengedwe, wopoperayo akhale ndi satifiketi, ndipo pamtsinje wotetezedwa a Natural England, bungwe la boma loteteza malo achilengedwe, amafunsidwanso. Kwa gulu la anthu ongodzipereka izi zikutanthauza kuti udzu umazulidwa ndi manja basi. Wovuta kwambiri ndi bindweed ndi ground elder, chifukwa kachidutswa ka muzu kotalika ngati chala kamaphukanso. Kutema ndi khasu kumangouchulukitsa. Amafukula ndi foloko, n'kulondola muzu woyerawo pang'onopang'ono mpaka utuluke wonse, ndipo pomwe walowerera m'mbewu yabwino amakumba mbewuyo, n'kutsuka mizu yake m'ndowa, n'kutolamo ulusi uliwonse asanaibwezere. Madzi a m'ndowayo amathiridwa pa bedi, osati mumtsinje. Bindweed sagonja chaka chimodzi. Chomwe chimamufooketsa ndi kumuthyola milungu iwiri iliyonse osamulola kutambasula masamba.

Udzu wina umabwera ndi madzi. Himalayan balsam anafika ku Britain mu 1839 ngati duwa lokongoletsa, ndipo lero wadzaza m'mbali mwa mitsinje yambiri. Amatalika mamita 2, chomera chimodzi chimabereka njere mpaka 800, ndipo makoko ake akakhwima amaphulika n'kuponya njerezo mamita 7. Amaphimba zomera zina zonse, kenako nthawi yozizira amafa n'kusiya gombe lili lopanda kanthu. Lamulo la ku England limaletsa kumubzala kapena kumufalitsa kutchire. Ubwino wake ndi woti mizu yake ndi yosazama, amazuka ndi dzanja limodzi. Nthawi yake ndi Meyi ndi Juni, asanabereke, ndipo tsinde amalithyola pansi pa mfundo yoyamba, apo ayi limameranso mizu pomwe lagonapo. Njere zake sizikhalitsa m'nthaka kupitirira zaka ziwiri, koma popeza zina zimabwerabe kuchokera kumtunda, ntchitoyi ndi ya chaka ndi chaka. Kumuzula mu Ogasiti makoko atakhwima ndi kumufesa.

Chomera chomwe aliyense wogwira ntchito pamadzi ayenera kuchizindikira tsiku loyamba ndi hemlock water dropwort. Ndi cha komweko, chimamera chokha m'mphepete monyowa, masamba ake amafanana ndi a celery, mizu yake yoyera ngati parsnip, ndipo ndi chimodzi mwa zomera zaululu kwambiri ku Britain. Madzi akakokolola gombe mizu imeneyi imakhala pamtunda, agalu ndi ziweto n'kufa atadya. Pamalo poyenda ana sichisiyidwa. Amachikumba atavala magolovesi, n'kuchiika m'thumba lake.

Zomwe alendo ambiri sayang'ana ndi makoma. Chilumba cha pachigayo chimagwiridwa ndi makoma oyang'anizana ndi madzi othamanga, ndipo nyumbayo ili m'kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo. Mdani wa khoma lakale ndi mbande za mitengo: buddleja, sycamore ndi ash zimamera m'mipata ya njerwa, muzu n'kumakula chaka ndi chaka mpaka kukankha njerwa. Kambande ka chaka chimodzi kamazuka ndi zala. Ka zaka zitatu mukakakoka kamatuluka ndi njerwa yomwe, choncho amangokadula pafupi n'kumathyola mphukira mpaka kafe. Timitengo ta msondodzi ndi alder timakonda madzi, koma mizu yake siiyenera kuyandikira khoma. Pokonza, matope omangira amakhala a laimu, osati simenti, chifukwa simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakale ndipo imatsekera chinyezi mkati, chisanu chikaundana njerwa n'kumasweka. Iyi si ntchito ya olima maluwa. Ntchito zambiri za pagombe kapena mkati mwa mamita 8 kuchokera kumtsinje waukulu zimafuna chilolezo cha Environment Agency. Udindo wa anthu a m'dimba ndi kuona mng'alu msanga n'kukanena.

Nkhono, zachigoba ndi zopanda chigoba zomwe, zimakhala mwaufulu pamalo a chinyezi ndi mthunzi. Mankhwala a metaldehyde analetsedwa ku Britain kuyambira pa 1 Epulo 2022 chifukwa cha mbalame ndi nyama zina zomwe zinkafa nawo. Otsala ndi a ferric phosphate, kapena tinyongolotsi ta nematode tothira ndi kheni madzulo nthaka ikatentha kupitirira madigiri 5, tomwe timagwira ntchito milungu pafupifupi 6. Koma kunena zoona, chida chachikulu ndi kusankha mbewu. Hosta ndi delphinium pamalo otere ndi chakudya cha nkhono. Fern, hellebore, astrantia ndi geranium sizizikhudza kwenikweni.

Pali alendo ena omwe dimbali limawalandira usiku. Akatumbu amadutsa pansi pa chigayochi, ndipo makamera omwe anaikidwa amawajambula, alendo n'kumaonera zithunzizo mkati. Masana simungayembekeze kuwaona. Chizindikiro chawo ndi ndowe zakuda zokhala ndi mamba ndi minga ya nsomba, zosiyidwa pamwala woonekera, ndipo wosamalira dimba wodziwa sazitsuka chifukwa ndi mmene nyamazi zimadziwitsirana. Katumbu ndi wotetezedwa ndi lamulo pamodzi ndi malo ake opumira. Mbalame za grey wagtail, zija za chikasu kumimba zogwedeza mchira, zimakonda kumanga zisa m'ming'alu ya makoma a pachigayo, ndipo kingfisher amadutsa ngati kuthwanima kwa buluu pamwamba pa madzi. Kuwononga chisa chomwe chikugwiritsidwa ntchito ndi mlandu, ndiye kuyambira Malichi mpaka Ogasiti zitsamba zowirira ndi ivy wa pakhoma sizidulidwa popanda kufufuza kaye. Mukaona pakona pena posadulidwa mu Juni musafulumire kunena kuti ndi ulesi.

Dimba losamalidwa ndi anthu ongodzipereka lili ndi matenda akeake, ndipo ndi bwino kuwatchula. Manja amakhala ambiri, maso osiyana. Wa Lachiwiri amasiya mbande za foxglove kuti zikule, wa Lachisanu n'kuzizula akuyesa udzu. Chitsamba chimodzi chimadulidwa kawiri ndi anthu awiri, chaka chotsatira osachita maluwa, makamaka zija zochita maluwa pa nthambi za chaka chatha, zomwe zimayenera kudulidwa zikangomaliza maluwa. Ndiye pali mphatso. Munthu amabwera ndi mbewu ya kunyumba kwake mwachikondi, m'dothi lake muli muzu wa ground elder kapena mphutsi za vine weevil, ndipo kukana kumavuta. Mankhwala a zonsezi ndi otsika mtengo: mapu a mabedi, kope limodzi lomwe aliyense amalembamo zomwe wachita ndi zomwe wasiya dala, timitengo tolembedwa pomwe pagona anyezi wa maluwa, ndi lamulo loti mbewu ya mphatso itsukidwe mizu n'kukhala mumphika pambali milungu ingapo isanalowe m'bedi. Pamafunikanso munthu mmodzi woti mawu ake ndi omaliza. Koma ubwino wa manja ambiri ndi waukulu kuposa zovutazi, chifukwa ntchito ya pano ndi ya pang'onopang'ono, ya kawirikawiri, yosalola makina. Kampani yobwera kamodzi pamwezi ndi makina odulira udzu singaigwire.

Chitetezo cha anthuwo si nkhani yongowonjezera. Madzi a madigiri 10 amabanikitsa munthu akangogweramo, ndipo apa akuthamangira pansi pa nyumba. Palibe woyenera kugwira ntchito m'mphepete ali yekha, chingwe choponyera chikhale pafupi, ndipo wopalira ayang'ane kumadzi, asafulatire. Mkodzo wa makoswe umafalitsa leptospirosis, yomwe imalowera pa zilonda, m'maso ndi m'kamwa. Mabala amatidwe ndi pulasitala wosalowa madzi, manja asambidwe munthu asanadye, ndipo amene wamva kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi patatha sabata imodzi kapena ingapo auze dokotala kuti amagwira ntchito kumtsinje. Majombo ndi zida zomwe zagwira kumadzi ena zimayenera kuyang'anidwa, kutsukidwa ndi kuumitsidwa, monga imanenera ndondomeko ya Check, Clean, Dry: m'madzi otentha madigiri 45 kwa mphindi 15, kenako ziume maola 48. Kumtunda kwa Itchen kukadali white-clawed crayfish, nkhanu za komweko zomwe zatha m'mitsinje yambiri, ndipo matenda omwe amazipha amatha kuyenda pa jombo yonyowa.

Mlendo wodziwa izi ali ndi zoti ayang'ane. Onani ngati nthaka yaphimbidwa mpaka m'mphepete, ngati m'ming'alu ya khoma muli fern chabe osati timitengo, ngati mbewu za kumthunzi zasiyana ndi za kunsonga, ngati masamba anthete ali obiriwira osati achikasu. Kenako suzumirani m'madzi: nsangalabwi zooneka bwino, udzu wobiriwira ukugwedezeka, trout itaima malo amodzi mutu utaloza kumtunda. Magalasi a dzuwa ochotsa kunyezimira amathandiza kwambiri pamenepa. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka kumayambiriro a Julayi, maluwa ndi tizilombo touluka pamadzi zikachuluka. Miyezi yotentha mutha kuona milu ya udzu ikuyandama, musadabwe: osamalira mtsinje kumtunda amadula water crowfoot pa masiku oikika kuti madzi aziyenda. Febuluwale ndi Malichi maluwa amakhala ochepa, koma m'pomwe mphamvu ya mtsinje imaoneka ndi kumveka.

Zofooka zake zilipo ndithu. Kuchepa kwa malo kumachititsa kuti anthu ochepa chabe adzazemo, ndipo tsiku la tchuthi bata lomwe munalifuna simulipeza. Mwana wamng'ono amafunika kugwiridwa dzanja nthawi yonse. Nyumbayo ndi yakale, ili ndi masitepe, ndipo kutsikira komwe kuli gudumu kumavuta kwa wa miyendo yofooka, choncho woyenda pa njinga ya olumala kapena wokankha mwana awerenge kaye zomwe a National Trust analemba pa tsamba lawo la intaneti zokhudza kalowedwe. Kuyambira Novembala mpaka Januwale dimbalo palokha silingakukhutiritseni. Wofuna maluwa ochuluka apite ku Mottisfont, pa mtsinje wa Test pafupi ndi Romsey, mu Juni, komwe kuli maluwa a rozi akale omwe katswiri wa maluwa Graham Stuart Thomas anasonkhanitsa, kapena ku Hinton Ampner, kufupi ndi komwe Itchen amayambira. Onsewa ndi a National Trust, ndipo ndi akuluakulu oti n'kutherako tsiku.

Dimba la pa City Mill ndi loti muliphatikize ndi zina. Chigayo ndi dimba pamodzi zimatenga ola limodzi kapena kuchepera. Mukatuluka, wolokani msewu mutsate kanjira ka The Weirs kotsika ndi mtsinje, kapena muyambe South Downs Way, njira ya makilomita 160 yopita ku Eastbourne yomwe imayambira mumzinda womwewu. Sitima yochokera ku London Waterloo imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo kuchokera pasiteshoni ndi ulendo wa mphindi 15 kapena 20 wapansi, wotsetsereka. Chigayocho chilibe malo akeake oimikapo galimoto, obwera pagalimoto amaimika ku Chesil Street kapena malo ena a mumzinda. Musananyamuke onani masiku otsegulira komanso ngati akupera, chifukwa gudumu lokhala m'madzi chaka chonse limaimitsidwa nthawi zina kuti likonzedwe, ndipo madzi akakwera kwambiri dimba la pachilumba ngati ili limatha kutsekedwa.